Mmene Mpingo wa Kumudzi Ungabweretsere Agogo ku Sande Sukulu

Aliyense amene anapempherapo pa nyumba ya mapemphero ya kumudzi kuno ku Kasungu akudziwa zimene zimachitika belu likalira Lamulungu m'mawa. Akuluakulu amalowa m'tchalitchi atanyamula mabuku awo a nyimbo, pamene ana onse, kuyambira wa zaka zitatu amene sanazolowere kusiyana ndi msana wa amake kufikira mnyamata wa Sitandade 8 amene mawu ayamba kale kusintha, amasonkhanitsidwa pansi pa mtengo wa mango kuti awaphunzitse mtsikana mmodzi wa kusekondale, amene chida chake chachikulu ndi kandodo koletsera phokoso. Kuphunzirira pansi pa mtengo si cholakwika, pakuti ngakhale Dr Hastings Kamuzu Banda anayambira sukulu pansi pa kachere ku Mtunthama, pafupi ndi pamene panadzamangidwa Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981. Chimene chimandidetsa nkhawa, patatha zaka zambiri ndikuyang'anira Sande sukulu pa mpingo wathu wa CCAP, ndi chakuti pansi pa mtengo wathuwo sipaoneka munthu wa imvi, chonsecho anthu amene amadziwa nyimbo pamtima, amene anaika abale awo m'manda napitirizabe kupemphera, ndiponso amene akulera ambiri mwa anawo kunyumba, amakhala ali phee pabenchi mkatimo.

Baibulo silinaike ntchito yophunzitsa ana m'manja mwa munthu mmodzi wa tsiku limodzi pa sabata. Deuteronomo 6:6-7 imaiika panyumba, panjira, pogona ndi podzuka, ndipo Paulo polembera Timoteo anakumbukira kuti chikhulupiriro chake chinayamba kukhala mwa agogo ake Loisi ndi mwa amake Yunike, monga tiwerenga pa 2 Timoteo 1:5. Sande sukulu yeniyeniyo inadzabwera pambuyo kwambiri, pamene Robert Raikes anayamba kusonkhanitsa ana osauka a ku Gloucester, ku England, mu 1780, chifukwa masiku ena onse anawo ankakhala ali pantchito. Inabwera ngati chothandizira, ndipo ife taisandutsa kotulira ana kuti akuluakulu apembedze mopanda phokoso. Zimene ndikulemba pano ndi njira imene tinatsata pokonza zimenezi, pamodzi ndi pamene tinapunthwa.

Yambani ndi kalembera, koma musamuchitire kutchalitchi. Tengani kope, yendani mlaga ndi mlaga (mlaga ndi chigawo chaching'ono cha mpingo) pamodzi ndi mkulu wa mpingo wa deralo ndi mayi mmodzi wa Chigwirizano, gulu la amayi a mumpingo, ndipo pa mwana aliyense lembani dzina, zaka, kalasi imene ali kusukulu, ngati amatha kuwerenga, chiyankhulo cha panyumba pawo, ndiponso munthu amene amagona naye nyumba imodzi. Funso lomalizali ndi limene lidzakutsegulani m'maso. Mudzapeza kuti ana ambiri akuleredwa ndi agogo awo, ena chifukwa makolo ali kumaesiteti a fodya, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ena chifukwa makolo anatisiya, enanso chifukwa banja linatha ndipo bambo, pokhala anali mkamwini, ananyamula thumba lake nabwerera kwawo. Kenaka tembenuzani kopelo, ndipo kumbuyo kwake lembani okalamba onse a mumpingo: amene akuyendabe mpaka kutchalitchi, amene sakutulukanso pakhomo, amene maso achita chidima, amene makutu avuta, ndi chimene aliyense amadziwika nacho, kaya ndi kuyambitsa nyimbo, kupemphera, kuweta ng'ombe, kuluka mphasa kapena kuumba miphika. Mndandanda wachiwiriwu ndi umene mipingo yambiri ilibe, ndipo ndi umene mudzaugwiritsa ntchito kwambiri.

Mukatero pitani nalo kopelo ku bwalo la mpingo musanachite china chilichonse, chifukwa ntchito yoyambika popanda abusa ndi akulu a mpingo kudziwa imatha ndi mawu amodzi a munthu amene anaona kuti wadumphidwa. Pemphani zinthu ziwiri zokha. Choyamba, nthawi ya Sande sukulu isagundane ndi ya mapemphero aakulu, koma iyambe ola limodzi belu lisanalire, pakuti palibe agogo amene angalole kuphonya ulaliki chifukwa cha ana, ndipo sikoyenera kuwapempha zotero. Chachiwiri, chopereka cha ana chilembedwe padera ndi msungichuma ndipo chigwire ntchito ya ana, monga choko, mikeka, makope ndi Mabaibulo, m'malo mosowera m'thumba lalikulu la malata a tchalitchi.

Popempha okalambawo ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinauza mlembi kuti alengeze pa zolengeza kuti wachikulire aliyense wofuna kulankhula ndi ana abwere Lamulungu lotsatira. Anabwera bambo mmodzi yekha, mkulu wa mpingo wopuma, atavala jekete ndi tayi, ndipo analalikira kwa ola lathunthu ndi mphindi zina, kuyambira pa Adamu, kudutsa pa mitengo ya fodya ya chaka chimenecho, mpaka kukafika pa chiweruzo chomaliza. Pomwe ankati ameni, aang'ono anali atagona pamkeka, ndipo anyamata atatu anali atazembera kumango a kuseri. Cholakwa sichinali chawo, chinali changa, chifukwa ndinawapatsa bwalo popanda kuwapatsa ntchito. Amayi okalamba, amene ndinkawafuna kwambiri, sanabwere n'komwe, popeza chilengezo cha pagulu sichidzutsa munthu amene moyo wake wonse wauzidwa kuti kuphunzitsa ndi kwa anthu ophunzira.

Njira yake ndi kupita kunyumba kwawo, kukhala pakhonde, kuyamba mwalonjerana mosafulumira, ndipo pambuyo pake kupempha chinthu chimodzi chodziwika bwino. Munganene kuti, "Agogo, tabwera kudzapempha nzeru. Nyimbo ija mumaiyambitsa pamaliro ana athu saidziwa, ndiye timati mwina mungadzawaphunzitse ndime imodzi yokha Lamulungu likubwerali." Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Ine mwanawe sukulu sindinapite, ndikaphunzitsa chiyani?" Pamenepo afotokozereni kuti kuwerenga ndi kulemba pabolodi ndi ntchito ya mphunzitsi wachinyamata, ndipo chimene mukufuna kwa iwo ndi chimene chili kale m'mutu mwawo. Auzeninso nthawi yake, mphindi 10, ndipo gwirizanani nawo za chizindikiro chaulemu chosonyeza kuti nthawi yakwana, monga kuyambitsa kolasi. Konzani mpando wokhala ndi chotsamira, ndipo tumani achinyamata awiri kuti akawatenge ngati njira ndi yaitali.

Ana agaweni m'magulu atatu: amene sanayambe sukulu, a Sitandade 1 mpaka 4, ndi a Sitandade 5 mpaka 8. Gulu lililonse likhale ndi mphunzitsi wachinyamata mmodzi ndi wachikulire mmodzi, ndipo awiriwa azikumana Loweruka madzulo kwa theka la ola kuti wachinyamatayo awerengere wachikulire ndime ya mawa ndi kumufunsa chimene ndimeyo ikumukumbutsa. Kukumana kwa Lowerukaku ndiko mtima wa ntchito yonse, ndipo kukayamba kudumphidwa mudzaona phunziro likubwerera ku kandodo kaja. Phunziro lenilenilo lisapitirire mphindi 45: nyimbo ndi pemphero, kuwerenga ndime, gawo la agogo, mafunso, ndi vesi loloweza pamtima.

Gawo la agogo limakoma pamene ali ndi chinthu chogwirika m'manja. Pa fanizo la wofesa la pa Marko 4, mayi wina wokalamba anabwera ndi chimanga m'chipande, natenga ana kupita nawo panjira yodutsa kuseri kwa tchalitchi, kenaka pathanthwe, kenaka pamunda wa mpingo pamene kaufiti anali atafinya chimanga mpaka kuchisiya chachikasu ndi chopinimbira, ndipo sanafunike kufotokoza zambiri za minga imene imatsamwitsa mbewu. Pa nkhani ya nkhosa yotayika ya pa Luka 15, pezani bambo amene anawetapo ng'ombe ali mnyamata kuti afotokoze mantha amene amagwira munthu dzuwa likulowa, akawerenga ziweto pakhola n'kupeza kuti imodzi palibe. Pa nkhani ya Yosefe ndi nkhokwe za ku Ejipito ya pa Genesis 41, palibe buku limene lingapose munthu amene anaona njala ya 2002, imene inavuta kwambiri kuno ku Kasungu, pamene anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi. Ana a lero njala imeneyo sanaione, ndipo akamva kuchokera pakamwa pa munthu amene amamudziwa, zaka zisanu ndi ziwiri za Farao zimasiya kukhala nambala chabe.

Pali chenjezo limodzi pa kafotokozedwe. Agogo athu anazolowera nthano, ndipo luso la nthano ndi labwino, makamaka kuyimbitsa ana pakati pa nkhani ndi kuwalola kuti azivomera. Komabe ndikulangiza kuti nkhani ya m'Baibulo isayambe ndi "Padangotero" ndi ana kuvomera kuti "Tili tonse", chifukwa mawu amenewo amauza mwana kuti zimene zikubwerazo ndi za Kalulu ndi Fisi. Tinazindikira zimenezi tsiku limene kamnyamata kena kanafunsa mosaseka konse kuti pakati pa Yona ndi Kalulu anayamba kubadwa ndani. Nthano ikhale ndi nthawi yake, itchulidwe kuti ndi nthano, ndipo nkhani ya m'Malemba iyambe ndi kutsegula Baibulo ana akuona, ngakhale wofotokozayo asakudziwa kuwerenga.

Pakatha miyezi iwiri, ana ndi okalamba atazolowerana, yambitsani chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndi chopindulitsa kuposa zonse, ndicho kuwerengerana kunyumba. Onani m'kope lija, pezani mwana wa Sitandade 4 kupita m'tsogolo amene amatha kuwerenga, ndipo mulumikizeni ndi wokalamba amene maso avuta, kuyambira ndi agogo ake enieni ngati alipo, kapena wachibale wa pafupi. Ntchito yake ndi kuwerenga ndime ya tsikulo, monga imene yasonyezedwa mu Mlozo, kabuku ka mpingo kosonyeza ndime yowerenga tsiku lililonse, kwa mphindi 10 dzuwa lisanalowe. Tsiku lina ndinafika pakhomo pena nthawi yotereyi ndipo ndinaima patali kuti ndisasokoneze. Agogo aakazi, amene maso onse awiri anali ndi ng'ala, anakhala pamphasa akuswa mtedza m'lichero, ndipo mdzukulu wawo wa Sitandade 5 ankawerenga Salimo 23 akulondola mawu ndi chala. Ali pakati, agogowo anasiya mtedza nati, "Bwereza mdzukulu wanga, wadumpha mzere, za madzi zija sunawerenge." Mtsikanayo anayang'ana, napeza kuti anadumphadi. Iye anali ndi maso, koma salimolo linali mwa agogo ake, ndipo atamaliza anawafunsa kuti analiloweza liti. Yankho lake linatenga nthawi yaitali kuposa kuwerengako, chifukwa linafika mpaka pa kalasi imene anaphunzira ali mtsikana ndi pa imfa ya mwana wawo woyamba.

Konzekerani vuto la kalembedwe. Mabaibulo ambiri amene ali m'nyumba za okalamba ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka koyamba mu 1922, ndipo makope akale amalemba "ci" pamene sukulu za lero zimalemba "chi", monga "cikondi" ndi "cifukwa". Mwana wosauzidwa amawerenga kuti "sikondi", anzake n'kuseka, iye n'kuchita manyazi osafunanso kuwerenga. Phunziro limodzi la pabolodi limathetsa zimenezi. Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998, lili ndi Chichewa chosavuta ndipo ndi lothandiza pofotokozera ana tanthauzo, koma pa mavesi oloweza, Pemphero la Ambuye, Malamulo Khumi ndi Chikhulupiriro cha Atumwi, gwiritsani ntchito mawu amene mpingo wonse umanena popembedza, kuti mwana ndi agogo ake azitha kunenera pamodzi popanda wina kukonza mnzake.

Dongosolo la chaka litsate munda. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chiwerengero cha ana chimatsika, osati chifukwa cha mphwayi, koma chifukwa mbewu zili m'munda ndipo mbuzi ndi ng'ombe zimafuna woweta ngakhale Lamulungu, mitsinje imadzaza, ndiponso m'nyumba zambiri Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yogona ndi njala. Nthawi imeneyi maphunziro akhale aafupi ndi obwerezabwereza, kuti mwana wobwera kamodzi pa masabata awiri asasochere. Phala limathandiza, koma chimanga ndi soya wake muzisonkhanitse nthawi ya masika, mlaga uliwonse ndowa yake, osati kuyamba kupempha njala itafika kale. Fodya akayamba kuthyoledwa ndi kusokedwa m'zigafa, akulu a mpingo asaope kukumbutsa makolo kuti ntchito ya fodya si ya ana. Ndalama za Mabaibulo muzipemphe msika wa fodya wa ku Chinkhoma utatsegulidwa, cha m'ma Epulo kupita m'tsogolo, pamene anthu ali ndi kanthu m'thumba. Zinthu zazitali, monga mpikisano wa mavesi, nyimbo zokaimba ku msonkhano wa misasa ndi sewero la Khrisimasi, zikonzedwe m'chilimwe, ndipo seweroli liyambe mu Okutobala mvula isanabalalitse ochita.

Musaiwale kuti cholinga si kukometsa Sande sukulu yokha, koma kuti ana akhale mbali ya mpingo. Kamodzi pamwezi alowe m'mapemphero kuyambira poyamba, ndipo asaunjikidwe pansi kutsogolo dikoni atawaimirira, koma aliyense akhale pafupi ndi agogo ake kapena ndi wokalamba amene amamuwerengera. Mmodzi mwa ana okulirapo awerenge ndime ya tsikulo atakonzekera bwino. Tsiku la ubatizo wa makanda asendezeni pafupi kuti amve malonjezo amene makolo amachita, popeza ambiri a iwo analonjezeredwa zomwezo. Amayi a Chigwirizano akamakayendera okalamba amene sakutulukanso, atengeko ana anayi kapena asanu kuti akatunge madzi, akasese pabwalo ndi kuimba nyimbo ziwiri, koma mkulu woyang'anira aonetsetse kuti kuchezaku sikukusanduka ganyu yaulere ya m'munda mwa wina.

Ena mwa ana anu amachokera m'makomo amene si achikhristu, ndipo kuno kwathu nthawi zambiri zimenezi zikutanthauza kuti agogo kapena atsibweni awo ndi a gule wamkulu. Sinodi yathu ya Nkhoma sililola akhristu ake kulowa nawo m'gule, ndipo ana ayenera kuuzidwa chiphunzitso cha mpingo momveka, koma mphunzitsi asatume mwana kukanyoza munthu amene amamudyetsa. Lamulo lolemekeza makolo silinasankhe makolo opemphera okha. Musanalembe mwana wotere m'kaundula, kapempheni chilolezo kwa amake ndi kwa mwini mbumba, ndipo mudzadabwa kuona kuti ambiri amalola akafikiridwa mwaulemu. Ana a matenanti amabwera ndi kuchoka ndi nyengo ya fodya, choncho alandireni popanda kuwafunsa makalata a kumpingo kwawo. Kumpoto kwa boma lino, monga kwa Kaluluma, kwa Simlemba ndi kwa Chulu, kuli ana amene panyumba amalankhula Chitumbuka, ndipo mwana wotere akafuna kupemphera m'chiyankhulo chake muloleni, ndipo letsani anzake kuseka.

Pa chitetezo cha ana pasakhale kunyengerera, ngakhale munthuyo akhale wa imvi kapena waudindo. Kukwapula kuletsedwe, ndipo auzeni okalamba zimenezi poyambirira, chifukwa ambiri analeredwa ndi chikoti ndipo amachiona ngati chithandizo. Gulu lililonse likhale ndi akuluakulu awiri nthawi zonse. Kuwerengerana kwa kunyumba kuchitike masana, pakhonde kapena pabwalo, makolo akudziwa, ndipo mtsikana asatumidwe yekha kunyumba ya mwamuna amene si agogo ake okhala nawo. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo nkhani ya kugwiriridwa kapena kuzunzidwa kwa mwana si yokambirana mwakachetechete pa bwalo la mpingo kuti dzina la mpingo lisaipe, koma ndi yokanena kupolisi kapena pa nambala yaulere ya 116.

Msinkhu umene mpingo umataya ana ambiri ndi wa zaka 12 mpaka 14, pamene amadziona kuti akulira Sande sukulu koma sanakhazikike m'kalasi ya katekisma. Apatseni ntchito: kukatenga agogo, kuyala mikeka, kuthandiza gulu la aang'ono, kulemba kaundula. Ngati n'kotheka, ena mwa okalamba amene akhala nawo pansi pa mtengo adzakhale ndiwo alangizi awo pa chilangizo, malangizo amene mpingo umapereka kwa ana akamakula msinkhu, chifukwa mtsikana kapena mnyamata amamasuka kufunsa za thupi lake kwa munthu amene wamudziwa kuyambira ali wamng'ono kusiyana ndi mlendo amene wamuona tsiku lomwelo.

Miyezi itatu iliyonse khalani pansi ndi kope lija, aphunzitsi ndi okalamba pamodzi, ndipo onani mayina a ana amene sanabwere masabata atatu otsatizana kuti mkulu wa mlaga akawayendere, okalamba amene atopa kuti apumule popanda kuwachititsa manyazi, ndi makomo amene kuwerengerana kwazilala. Ngati pali foni yojambula mawu, jambulani nyimbo zimene okalamba amaimba m'maimbidwe akale, atavomera eni ake, chifukwa anthu amene mukugwira nawo ntchitoyi sakhala nanu zaka zambiri. Mmodzi wa iwo akamwalira, pemphani eni maliro kuti ana okulirapo aimbeko nyimbo imene anawaphunzitsa, ndipo mwana amene ankawawerengera ayenderedwe monga namfedwa, ngakhale sanali wachibale. Pakapita masabata angapo, mufunseni ngati angafune kupitiriza, ndipo akavomera, tsegulani kumbuyo kwa kope ndi kuona wokalamba wina wa m'mlaga womwewo amene maso ayamba kuchita chidima.